Miyeso ya Chikhothi Choyera

1

Ndine telala. Ndasoka zovala za anthu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu m'kashopu kamodzi komweko, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mafoni. Anthu amati ndili ndi dzanja. Pakamwanso ndili napo, koma izo amanenera kumbali. Chimene sadziwa n'chakuti m'kabati ya kuseri kwa makina muli chikhothi choyera cha madokotala, chimene ndinasoka ndi nsalu yabwino kuposa zonse zimene ndinagwirapo, ndipo mwini wake sanachivalepo ngakhale tsiku limodzi.

Mwini wakeyo ndi mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo. Bambo ake anamutcha Kasingano chifukwa anali wowonda ndiponso wolowa paliponse, ndipo dzinalo linamukakamira mpaka lero.

Ndili ndi mng'ono wanga wobadwa naye bere limodzi. Pa nthawi imene nkhaniyi inkayamba, anali namwino wamkulu wa wodi ya amayi pachipatala chachikulu cha boma. Kuntchito ankamutcha Asisita, ndipo nane ndikafuna kumuputa ndinkamutcha choncho. Iye ndiye anaphunzira pabanja pathu. Ine ndinasiyira sukulu panjira n'kutola sizasi ndi tepi. Mng'ono wangayo sanabereke, ndipo Kasingano atasankhidwa kupita kusekondale ya tsidya lina la mzinda, ndine ndemwe ndinati, "Akakhale kwa mayi ake aang'ono, asamavutike ndi mabasi." Ndinanena ndi pakamwa pangapa, palibe anandikakamiza.

Anakhalako zaka zinayi. Ankabwera kunyumba Loweruka, koma m'kamwa mwake munali wodi yokhayokha. "Amayi aang'ono akuti mtima ukamagunda chonchi ndiye kuti magazi achepa." "Amayi aang'ono andionetsa kamangidwe ka bala." Ine ndikati ndimuonetse kapindidwe ka kolala, maso ali pafoni. Ndinkangoseka nawo. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene anapeka mwambiwo sanafunse maganizo a mayi amene mwana wake watengedwa ndi mnzakeyo.

2

Mayeso atatuluka, Kasingano anakhoza moti aphunzitsi ake anabwera okha kudzatigwira chanza. Sukulu ziwiri za udokotala zinamufuna.

Yoyamba sinali ya boma, ndipo inali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi. Iyo inamupatsa malo nthawi yomweyo n'kulonjeza kuti aphunzira ulere chifukwa cha magiredi ake. Inatumizanso kabuku kosalala ka zithunzi: kapinga wometa bwino, kachipatala kawokawo ka mabedi makumi anayi, pansi ponyezimira. Yachiwiri inali ya boma, mumzinda mwathu momwemo, ndipo ophunzira ake amaphunzirira ntchito pachipatala chimene mng'ono wanga ankagwira. Iyo inati ayambe wapita kukayankha mafunso pamaso pa madokotala.

Tinakhala pansi Lamulungu masana kuti tikambirane. Ine ndinatsegula kabuku kaja pathebulo.

"Taonani pansipa," ndinatero. "Munthu ukhoza kudyerapo popanda mbale."

"Akulu, dokotala sapangidwa ndi matailosi," anayankha mng'ono wanga. "Amapangidwa ndi odwala. Kwathu kuja wophunzira akamafika chaka chachinayi amakhala atalandira ana makumi atatu ndi manja ake. Uku mabedi makumi anayi, ophunzira zana. Adzaphunzirira pa yani? Pa kapingayu?"

Bambo a Kasingano anaseka. Ndinawayang'ana, kusekako kunathera m'kapu ya tiyi. Iwo ndi makaniko, munthu wofatsa, wodziwa kuti injini ikatentha suigwira.

"Kwanuko magolovesi amatha, mankhwala amatha, madokotala amangokalipa," ndinatero. "Mwana wanga akaphunzire chiyani, kukuwa?"

"Akaphunzire kugwira ntchito zinthu zitatha. Ndiwo udokotala wa kuno umenewo."

"Usandiuze za chipatala chako, Asisita. Ndinagonapo pansi pamenepo ine."

Ndiyenera kukuuzani za tsiku limenelo. Kasingano ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndinali ndi pakati pa mwana wachiwiri. Tsiku limene zinthu zinavuta, bambo ake anali paulendo, mng'ono wanga anali akugwira ntchito kutauni ina. Ndinapita ndi mwanayo kuchipatala chifukwa ndinalibe womusiyira. Mabedi anali odzaza, choncho anandiyalira pansi. Ndinatsitsimuka mawa lake ndilibe khanda, ndilibe chiberekero, ndili ndi bala lokhota pamimba losokedwa ngati thumba la makala. Kuyambira pamenepo ndinaletsa aliyense kutchula tsikulo m'nyumba mwanga.

"Nanga iwe mwini wake ukuti bwanji?" anafunsa bambo ake.

"Ndikufuna ya boma," anatero Kasingano. Ponena zimenezo sanandiyang'ane ine. Maso ake anathawira kwa mayi ake aang'ono, ndipo ine ndinaona.

3

Patatsala masiku atatu kuti akayankhe mafunso aja, ndinapita kwa mng'ono wanga kukasiya yunifolomu yake imene ndinaibweza m'chiuno. Chitseko chinali chotsegula. Ndinamva mawu pabalaza ndipo ndinaima m'khonde, yunifolomu ili pamkono.

Mng'ono wanga anali atakuza mawu ngati dokotala wamkulu. "Tiuzeni, mtsikana, n'chifukwa chiyani mukufuna kuphunzirira m'chipatala cha boma, chikhalirecho kwina akukupatsani malo aulere?"

"Pamenepo ndidzanena za amayi," anatero Kasingano.

"Udzatha osalira?"

"Ndidzayesetsa. Zonse zimene ndikufuna kukhala zinayambira pa iwowo. Ndikatseka maso ndimawaona m'wodi muja."

"Chabwino. Koma usawauze akulu. Ukuwadziwa mtima wawo."

M'makutu mwanga munalira mluzu. Amayi a m'wodi. Amayi amene zonse zinayambira pa iwo. Ndiye kuti mwana amene ndinamunyamula miyezi isanu ndi inayi, amene ndinamusokera yunifolomu iliyonse kuyambira kusukulu ya mkaka, akaima pamaso pa madokotala n'kutamanda mng'ono wanga monga mayi ake, ine n'kukhala akulu osayenera kuuzidwa!

Ndinatsokomola n'kulowa. Onse awiri anadzidzimuka ngati ndawapeza akuba shuga.

"Akulu, mwafika nthawi yanji?"

"Pompano. Pitirizani, musandione ine. Ine ndi telala chabe, ndabweretsa katundu wa Asisita."

"Amayi, khalani pansi mumve nawo mafunso enawa," anatero Kasingano.

"Ndasiya makasitomala."

Kunalibe kasitomala aliyense. Ndinayenda wapansi mpaka kushopu, ulendo wa ola limodzi, ndikuyankhula ndekha ngati wamisala. Mayi wina amene ndinamusokera diresi la ukwati anandipatsa moni pamsewu, ine osamuona n'komwe.

4

Sukulu ya boma inamutenga. Uthenga unafika Lolemba m'mawa, ndipo Kasingano anathamangira kushopu ali ndi mapatapata kumapazi.

"Amayi, anditenga! Anditenga!"

Ndinamukumbatira, ndipo Mulungu ndi mboni, ndinakondwa. Wometa tsitsi anasiya munthu mutu uli theka n'kubwera kudzavina pakhomo. Ine ndinatola tepi.

"Ima chilili. Mwana wa telala sangavale chikhothi chogula pamsika."

Ndinatsegula buku langa la miyeso. Ndi buku lachikuto cholimba, ndipo ndikamalemba ndimakanikiza bolopeni kwambiri chifukwa maso anayamba kale kundivuta. Phewa 14. Chifuwa 32. Chiuno 26. Mkono 23. Utali 38. Iye ankaseka tepi ikamugirigisha m'khwapa, ankawerenga manambalawo mokweza pamene ine ndinkalemba.

"Uzidzuka m'mawa kwambiri," ndinatero. "Mabasi a kuno kupita kuchipatala kuja amavuta."

"Aa, ndizikhala kwa amayi aang'ono. Ndi mphindi khumi zokha wapansi. Tagwirizana kale."

"Mwagwirizana kale."

"Eya. Ndizibwera Loweruka ngati kale."

Zaka zina zisanu ndi chimodzi za Loweruka. M'mawa azidzuka m'nyumba ya mng'ono wanga, masana azitsatira mng'ono wanga m'wodi, madzulo azidya naye uku akukambirana zinthu zimene ine sindingazimve. Tsiku lomaliza maphunziro anthu adzaloza mng'ono wanga n'kumati, "Mayi ake a dokotala ndi awo." Ine ndidzakhala kumbuyo ndi ulusi patsitsi.

Lachiwiri masana ndinatseka shopu kwa ola limodzi. Wometa tsitsi anandifunsa ngati ndikudwala, ine ndinati ndi mutu. Nditabwerako ndinayala nsalu yoyera pathebulo n'kuyamba kudula.

5

Patapita sabata ziwiri, mng'ono wanga anafika kunyumba maso ali psuu.

"Akulu, kwagwa zovuta. Wina walemba kalata yopanda dzina kusukulu. Akuti ine ndinaba mafunso kwa madokotala anzanga n'kumupatsa Kasingano, ndipo akuti anationa tikuyeserera kunyumba kwanga."

"Mafunso ake ati?" anakuwa bambo a Kasingano. Kanali koyamba kuwamva akukuwa. "Funso loti ukufuniranji udokotala amafunsa aliyense!"

"Malo a mwanayu awaimika mpaka komiti itafufuza. Inenso andichotsa kaye m'wodi."

Tinayamba kusakasaka mfiti. Mng'ono wanga anakumbukira namwino mnzake wa magalasi, mnzake wa ponda apa nane mpondepo, amene mwana wake anayesa sukulu yomweyo koma sanamutenge. Mayiyo ankabwera kawirikawiri kunyumba kwake. "Ndi yemweyo," anatero. Ine ndinagwedeza mutu n'kunena kuti anthu a magalasi ndi oopsa.

Komiti inaitana Kasingano Lachinayi. Anapita atavala bulauzi imene ndinamusitira ndekha. Pobwerako anadzera kushopu, anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana thebulo langa.

"Zayenda bwanji, mwana wanga?"

"Anandipatsa kalatayo kuti ndiwerenge ndekha."

"Wazindikira malembedwe ake?"

"Analemba ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha," anatero. Kenako anati watopa, n'kupita kunyumba.

Komiti sithamanga. Inatenga miyezi iwiri, ndipo pomwe inkalengeza kuti umboni sunapezeke, maphunziro anali atayamba, malo a Kasingano atapatsidwa wina. Anamuuza kuti adzayesenso chaka chamawa. Sukulu ya kutali ija inali ikudikirabe, ndipo bambo ake anati chaka sichinthu chotaya. Mng'ono wanga anabwezeredwa pantchito, koma osati m'wodi. Anamuika kuchipinda chosungiramo mabulangete ndi zipangizo, ati kuti anthu asamalankhule.

Tsiku lonyamuka ndinapinda chikhothi chija bwinobwino n'kuchiika pamwamba m'sutikesi. Basi itachoka ndinabwerera kunyumba, ndinachipeza chili pabedi pake, chopindidwa momwe ndinachipindira. Ndinadziuza kuti waiwala.

6

Zimene ndinkafuna zinachitika. Mwana anali kutali ndi mng'ono wanga. Chimene sindinawerengere n'chakuti basi imene inamutalikitsa ndi mng'ono wangayo inamutalikitsanso ndi ine. Loweruka lija ndinkalinyoza linasanduka tchuthi kawiri pachaka. Pafoni ankayankha mwaulemu ngati akulankhula ndi mwini nyumba ya lendi. "Ndili bwino, amayi. Ndikudya, amayi. Zikomo, amayi."

Kumapeto kwa chaka chachitatu anabwera patchuthi. Tsiku lina m'mawa analowa m'shopu atanyamula chidutswa cha siponji ya matiresi ndi kabokosi. Anakhala pampando wa makasitomala, anang'amba siponjiyo ndi lumo, n'kuyamba kuisoka ndi kasingano kokhota kogwirira ndi kachitsulo. Ine diso la utelala silinapirire.

"Ukukoka kwambiri. Pakhwinyata pamenepo."

"Ndikudziwa."

"Zaka zitatu zonsezi sanakuphunzitseni kusoka?"

"Atiphunzitsa pa siponji ndi pa zidole za pulasitiki. Mabuku alipo, makompyuta alipo, aphunzitsi ndi abwino. Anthu ndiwo kulibe. Chiyambireni kulowa m'wodi ndasoka anthu awiri, amayi. Awiri. Timazungulira bedi limodzi ophunzira khumi ndi awiri, wodwala n'kutithamangitsa kuti, 'Sindinabwere kuno kuti ana aphunzirire pa ine.' Mnzanga amene tinali naye kusekondale ali kuchipatala cha boma, iye anasiya kale kuwerenga."

Ndinapondaponda makina osasoka kanthu.

"Ndapempha kuti zaka zotsalazi ndidzaphunzirire kuno, kusukulu ya boma ija," anapitiriza. "Malo alipo. Koma atsegula faelo yanga, apezamo kalata ija. Akuti umboni kusapezeka si kunena kuti munthu ndi wosalakwa. Akuti nkhaniyo ingafe pokhapokha wolemba kalatayo atabwera poyera n'kunena kuti ananama."

"Ndiye umupeza kuti munthu wopanda dzina?"

Anaika siponji pansi. "Phewa 14," anatero. "Chifuwa 32. Chiuno 26. Mkono 23. Utali 38."

7

Ndinalemba ndine kalata ija.

Lachiwiri lija ndinang'amba tsamba m'buku la miyeso, ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti dzanja langa lisadziwike, ndinakaiponya kupositi ya kutali ndi kwathu. Ndinkadziona wochenjera. Sindinaganize kuti tsamba limene ndinang'ambalo linali pansi penipeni pa tsamba la dzulo lake, ndipo bolopeni yanga yokanikiza inali itadinda manambala onse.

"M'chipinda cha komiti munali zenera kumbuyo kwanga," anatero Kasingano. "Nditapendeketsa pepalalo ndinaona manambala. Iwo aja sanawaone, ndipo akanawaona sakanadziwa kuti ndi chiyani. Koma miyeso yanga ndimaidziwa, amayi. Ndinaiwerenga ndekha mokweza."

"Zaka zitatu osanena kanthu?"

"Ndinkadikira kuti munene nokha."

Munthu wanzeru akanagwada pamenepo. Ine nsanje inali isanathe, ndipo inatuluka yonse ngati mafinya.

"Unkafuna ndichite chiyani? Ndinakumva ndi makutu angawa uli kwa mng'ono wanga! 'Ndidzanena za amayi, ndimawaona m'wodi, zonse zinayambira pa iwo.' Ine ndinakubereka, iye n'kukolola! Mpaka kupangana kuti musandiuze!"

Kasingano anayamba kulankhula pang'onopang'ono, ngati mmene amalankhulira ndi wodwala wouma mutu.

"Mukufuna kumva zimene ndinawauza madokotala aja? Ndinawauza za mayi amene anagona pansi pakati pa mabedi awiri. Ndinawauza kuti ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinaima nditakweza botolo la diripi m'mwamba chifukwa panalibe pokoleka, mpaka mkono unachita dzanzi. Anthu ankatilumpha. Kenako kunabwera mtsikana wina wophunzira udokotala, anagwada pansi, anavundukula nsalu, ataona magazi anathamanga akukuwa mpaka madokotala anabwera ndi machira. Inu simukumukumbuka, munali mutakomoka. Pakanapanda wophunzira ameneyo, bwenzi ndilibe mayi."

Makina, mashelefu, nsalu, zonse zinayamba kuyandama m'maso mwanga.

"Ndinawauzanso kuti mayi anga ndi telala, ndipo akamasamba ankayang'ana chipsera chawo n'kumati, 'Amene anandisokayu ndikanamuchotsa ntchito.' Ndinawauza kuti ndikufuna kuphunzira m'wodi momwemo, momwe anthu amagona pansi, kuti ndizigwada ngati mtsikana uja, ndiponso ndizisoka moti telala asadandaule. Amayi aang'ono anati ndisakuuzeni chifukwa inu nomwe munaletsa kutchula tsiku limenelo."

Sindikumbuka kuti ndinakhala pansi nthawi yanji. Ndinangopezeka ndili pa simenti, pakati pa zidutswa za nsalu, ndikulira mokweza moti wometa tsitsi anazimitsa wailesi.

Kasingano sanandidzutse. Anatenga buku la miyeso, analitsegula pa tsamba loyera, analiika pamiyendo panga pamodzi ndi bolopeni.

"Lembaninso kalata ina," anatero. "Inoyo muikepo dzina."

8

Ndinailemba tsiku lomwelo, ndi malembedwe anga enieni. Mawa lake ndinaipereka ndekha kuofesi ya sukulu, ndipo mlembi wa pamenepo ataiwerenga anandiyang'ana kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato. Sindinamudzudzule. Ndinawauza bambo a Kasingano madzulo ake. Anangotuluka n'kukatsegula injini ya galimoto imene inalibe vuto lililonse.

Chovuta kwambiri chinali chipinda cha mabulangete. Kuti ukafikeko umadutsa pakhomo pa wodi ya amayi, ndipo ndinali ndisanapondepo kuyambira tsiku lija. Fungo linali lomwe lija. Mayi wina anali atagona pansi pafupi ndi khomo, ndipo pambali pake panagwada mnyamata wa chikhothi choyera akumuyeza. Ndinafulumira kudutsa.

Mng'ono wanga ndinamupeza akuwerenga mapilo. Anali atanenepa, nkhope itagwa, munthu amene kale ankayenda m'wodi ophunzira khumi akumuthamangira pambuyo.

"Akulu, kwagwanji?"

Ndinamuuza zonse nditaimirira. Sanandidule mawu. Nditamaliza anakhala pa mulu wa mabulangete.

"Mnzanga wa magalasi uja ndinamutukwana pamaso pa anthu," anatero. "Mayi ake atamwalira sindinapite kumaliro."

"Ndikhululukire, mng'ono wanga."

"Munandichitira nsanje ine? Ine amene ndikabwerera kunyumba ndimalankhula ndi makoma?" Anaseka kuseka kowawa. "Akulu, mwana uja anakhala m'nyumba mwanga zaka zinayi. Ndinkalakalaka tsiku limodzi lokha atalakwitsa n'kunditcha amayi basi. Sanalakwitsepo. Nthawi zonse amayi aang'ono, amayi aang'ono. Akangoti amayi osawonjezera kanthu, dziko lonse limadziwa kuti akunena inu. Inu nokha ndiye simunkadziwa."

"Ndichite chiyani kuti..."

"Tulukani, akulu. Ndikuwerenga mapilo, mwandisokoneza."

Ndinatuluka.

9

Sukulu ya boma inamulola Kasingano. Pamene ndikulemba pano wamaliza miyezi inayi m'chipatala cha boma, ndipo akuti wasoka anthu ochuluka moti zala zachita zikang'a. Magolovesi amathadi, madokotala amakalipadi, iye amabwera atatopa ngati galu koma maso akuwala. Amakhala kuhositelo. Sanasankhe kwa ine, sanasankhenso kwa mayi ake aang'ono.

Mng'ono wanga akadali kumabulangete. Kalata yanga inamuyeretsa, koma pampando wake pali wina, ndipo akuti adikire. Anapita kukapepesa kwa mnzake wa magalasi, mnzakeyo anamulandirira pakhomo osamulowetsa. Mng'ono wangayo akandiona ine amandipatsa moni wa anthu okumana pabasi.

Ndinamufunsa Kasingano za chikhothi chija. Anati adzachivala tsiku limene mayi ake aang'ono adzabwerere m'wodi. Pakadali pano amavala chogula pamsika, chosokedwa ndi munthu wosadziwa kuti phewa limathera pati. Ndikachiona nsanje imandigwirabe, sindikunamizani, koma masiku ano ndimaluma lilime.

Inu amene mukuwerenga, makamaka makolo amene ana anu afika posankha sukulu, mverani telala wopusa. Mfundo zimene ndinkanena pathebulo paja sizinali zabodza. Odwala amagonadi pansi, mankhwala amathadi. Koma sizinali zimene zinkandiyankhulitsa, ndipo nsanje ikavala zovala za chikondi ngakhale mwini wake umalephera kuizindikira. Musanauze mwana kuti uku n'kwabwino, uku n'koipa, dzifunseni kaye kuti mukuyeza sukulu kapena mukuyeza kuti mwanayo adzakhala pafupi ndi yani. Ndipo mukamva theka la nkhani muli m'khonde, lowani mufunse. Safunsa anadya phula, ine ndinadyetsa banja lonse.

Loweruka lililonse ndimatulutsa chikhothi chija, ndimachisita, ndimachibwezera m'kabati. Sabata yatha Kasingano anandipeza ndikuchita zimenezo. Anaima pakhomo, kenako anatola tepi pathebulo n'kundipatsa.

"Ndanenepako m'mapewa, amayi," anatero. "Yezaninso, chisadzandithine tsikulo likafika."

Ndinamuyeza. Phewa 15. Ndinalemba mopepuka, osakanikiza bolopeni.